Mmene mungakololere madzi a padenga m'migolo kuti asakumbe njira ndi kuipitsa mitsinje

Mvula yamphamvu ikagwa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mbayani, sipatha mphindi khumi tinjira ta pakati pa nyumba tisanasanduke timitsinje. Madzi amenewa sachokera kuphiri okha ayi. Ambiri amatsika pamadenga athu omwewa. Lata silimwa ngakhale dontho, bwalo losesedwa tsiku ndi tsiku nalo linauma gwa, ndiye chilichonse chogwa kumwamba chimathamangira kumunsi nthawi imodzi. M'njiramo madziwo amatola majumbo, phulusa, matewera otayidwa ndi zithaphwi za kubafa, ndipo akapeza chimbudzi chodzaza amalowamo n'kutuluka ndi zam'menemo. Ku Ndirande zonsezi zimatsikira mu Nasolo, Nasolo n'kupatsira Mudi, Mudi n'kukathera ku Shire, komwe anthu ena akutunga, kuchapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba.

Tinaona kumene zimenezi zimatifikitsa. Kolera yomwe inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno n'kupha oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Matendawa amayenda ndi madzi okhudzana ndi chimbudzi. Madzi a padenga akagwidwa asanafike pansi, ndiye kuti lita iliyonse yogwidwayo sikakokolola zonyansa za munthu aliyense.

Koma mgolo ndi chinthu chaching'ono, ndipo wodzaza sugwira kanthu. Amene amaika mgolo pansi pa denga n'kuusiya wodzaza mwezi wonse wa Januwale wasunga madzi ochapira, inde, koma njira ya kumunsi kwake ikukumbikabe monga kale. Kuti mgolo uthandize mudzi, pamafunika kuti uzipungulidwa mvula ina isanabwere, madzi osefukira akhale ndi kopita, ndipo oika migolo akhale anthu ambiri a mzere umodzi. Malangizo ali m'munsiwa atsamira pamenepo.

Gawo 1: Tulukani panja mvula ikugwa

Musanagule kalikonse, tengani ambulera mvula ikamagwa, muzungulire nyumba yanu. Onani mbali ya denga yomwe ikutsitsa madzi ambiri, pamene akugwera, ndi njira imene akutenga akafika pansi. Kodi akulowera kuchimbudzi? Akuunjikana pakhoma? Akudutsa pansi pa mpanda kupita kwa anzanu a kumunsi? Pamene pakutsika madzi ambiri ndi pamene mgolo woyamba ukhale. Ngati muli m'chilimwe, nthaka ikuuzani yokha: pansi pa malata pamakhala kamzere kokumbika, ndipo komwe madzi amathamangira kumakhala timiyala tosiyidwa pamtunda dothi litapita.

Gawo 2: Werengani madzi a denga lanu

Samu yake ndi yophweka. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi (sikweyamita imodzi) imapereka lita imodzi. Yezani nyumba yanu pansi, kuchokera pamene denga lathera mbali ino kukafika pamene lathera mbali inayo. Osakwera pamwamba kukayeza malata, chifukwa mvula imagwa molunjika pansi ndipo kupendekeka kwa denga sikuwonjezera madzi.

Titenge nyumba ya mamita 8 mulitali ndi mamita 6 mulifupi. Denga lake ndi masikweyamita 48. Mvula ya mamilimita 20, yomwe mu Januwale imatha kugwa masana amodzi okha, ibweretsa malita 960. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo asanu, la madzi othawa m'mbali, odontha ndi ouma palata lotentha, mutsala ndi malita 768. Mgolo wamba umalowa malita 200, kotero mvula imodzi yokhayi ikufuna migolo pafupifupi inayi. Mbali imodzi ya dengalo, masikweyamita 24, imadzaza mgolo ndi mvula ya mamilimita 10 basi.

Blantyre amalandira mvula yoposa pang'ono mamilimita 1,000 pachaka, yambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo. Denga lathu lija pachaka limatsitsa malita oposa 38,000, zomwe ndi ndowa za malita 20 zoposa 1,900. Ganizirani izi pamene madzi ambiri a m'mipopi ya mumzindawu amapopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kukwezedwa mamita mazanamazana ndi magetsi. Magetsi akavuta mipopi imauma, amayi n'kumalawirira kukafola pakiyosiki, pamene dzulo lake denga lataya migolo inayi.

Kuti mudziwe mvula ya pakhomo panu penipeni, ikani chitini chowongoka, chofanana kukamwa ndi pansi, pamalo oonekera kutali ndi denga ndi mitengo. Mvula ikakata, vikani lula. Masentimita awiri m'chitinimo ndiwo mamilimita 20 aja.

Gawo 3: Kusankha mgolo

Apa ndi pamene anthu amapwetekera. Migolo ya kaunjika yogulitsidwa m'misika inachokera m'mafakitale, ndipo funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti munali chiyani. Yomwe munali zakudya, monga mafuta ophikira, manyuchi kapena madzi a zipatso, ndiyo yabwino. Yomwe munali mankhwala ophera tizilombo kapena udzu, oyilo, penti, asidi kapena zinthu zosadziwika, isiyeni ngakhale mtengo utsike chotani. Pulasitiki imamwa mankhwala ena, ndipo sopo sawachotsa. Werengani chikalata chomatidwa pamgolo. Chikakhala chopalidwa, tsegulani mununkhize, ndipo mukakayika pitani kwa wina.

Mgolo wa pulasitiki wabuluu kapena wakuda umaposa wachitsulo chifukwa suchita dzimbiri ndipo suvuta kuboola. Woyera woonekera mkati umalowetsa dzuwa, madzi n'kumera ndere. Ngati ndi womwewo muli nawo, upakeni penti yakuda kunja kapena muukute ndi masaka. Wachitsulo umagwira ntchito ndithu, koma madzi ake amafiira pakapita nthawi ndipo umayamba kudontha pansi. Ngati pali kusankha, tengani wa chivindikiro chachikulu chochotseka, woti mkono ndi bulashi zilowe potsuka. Wa timabowo tiwiri pamwamba udzakuvutani poika mpopi.

Mukafika nawo kunyumba, utsukeni ndi sopo ndi madzi otentha, mutsukuluze kangapo, kenako muuzunguze ndi madzi othira klorini.

Gawo 4: Pokhazika mgolo

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mgolo wodzaza ndi makilogalamu 200, kulemera kwa matumba anayi a chimanga, ndipo ukagwera mwana palibe chabwino. Musaukhazike pampando, pamatayala kapena panjerwa zongosanjikiza pamatope. Salazani pansi, mutsendere, muthirepo timiyala, kenako mumange kansanja ka njerwa zootcha ndi simenti kotalika masentimita 40 mpaka 50, kuti ndowa izilowa pansi pa mpopi. Pamwamba pake pakhale posalala ndi potambalala kuposa thako la mgolo, chifukwa mgolo wa pulasitiki wokhala pa njerwa ziwiri zokha umapindika pakati mpaka kung'aluka. Siyani kampata pakati pa mgolo ndi khoma, makamaka ngati nyumba ndi ya zidina, kuti chinyezi chisadye khomalo. Pamene pali mthunzi ndi pabwino kuposa padzuwa.

Gawo 5: Gatala ndi paipi

Nyumba zambiri za m'makwalala athu zilibe gatala, ngalande ija yolandira madzi kumapeto kwa malata. Mukhoza kugula ya pulasitiki m'sitolo za zomangira, koma okhoma zidebe a pamsika amapinda yabwino kuchokera ku lata losalala, ndipo paipi ya PVC ya mamilimita 110 yong'ambidwa pakati mulitali imatulutsa magatala awiri.

Chachikulu ndi kupendekeka kwake. Itsike sentimita imodzi pa mita iliyonse kulowera kumene kuli mgolo. Khomani msomali kumayambiriro, wina kumapeto motsika monga mwawerengera, mukoke chingwe pakati, zogwirizira zonse zitsate chingwecho. Zogwirizira zisatalikirane kupitirira mita imodzi. Gatala yodzaza madzi imalemera, ndipo ikabwanyuka pakati pamatsala chithaphwi cha udzudzu pamwamba pa mutu wanu. Milomo ya malata ilowe pang'ono mkati mwa gatala, ndipo mbali yakunja ikhale yokwererapo, apo ayi mvula yamkuntho idzangolumpha. Pomaliza thirani ndowa ya madzi padenga muone ngati onse akufika kumapeto.

Paipi yotsitsa madzi ikhale ya mamilimita 75 kapena kuposa. Yaing'ono imatsamwa mvula ikalimba. Pakamwa pake ikani kasefa ka waya kogwira masamba, ndipo nthambi za mango kapena mapeyala zoweramira padenga zisadzeni.

Madenga sali ofanana. La malata ndilo labwino. La udzu limapereka madzi ofiirira a fungo, oyenera kuthirira ndi kukolopera. La asibesitosi, lomwe likadalipo panyumba zina zakale, musalipale, musaliboole kapena kulikwecha ndi bulashi chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Pafupi ndi pamene utsi wa kukhitchini umatulukira pamakhala mwaye, choncho mbali imeneyo isakhale yotungako madzi a m'nyumba.

Gawo 6: Tayani madzi oyamba

Kuyambira Meyi mpaka Okutobala denga limasonkhanitsa fumbi, zitosi za mbalame, ndowe za makoswe ndi abuluzi, ndi phulusa la moto wolusa. Chizimalupsa chikagwa, chisiyeni chitsuke denga. Madzi ake asalowe mumgolo ngakhale pang'ono. Pambuyo pake, mvula iliyonse yobwera patadutsa masiku angapo a dzuwa imayamba ndi madzi akuda, ndipo amenewo apatutsidwe. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi lita imodzi pa sikweyamita iliyonse, kutanthauza malita 20 kapena 25 pa mbali imodzi ya denga lathu lija.

Njira yosalira ndalama ndi ya manja: mapeto a paipi akhale osunthika, muwalozetse kumbali mvula ikamayamba, pakatha mphindi zisanu kapena khumi madzi atayera muwabwezere pamgolo. Vuto lake ndi lakuti mvula yambiri imagwa usiku kapena eni nyumba ali kuntchito.

Njira yodzichitira yokha ili motere. Pamene paipi yochokera kugatala ikukhotera kumgolo, ikanipo cholumikizira cha njira zitatu. Kunsi kwake lumikizani paipi ya mamilimita 110 yoimirira, yotsekedwa pansi ndi chotsekera chopotokola. Madzi oyamba amagwera m'paipi yoimirirayo. Ikadzaza, otsatira amadutsa pamwamba kupita kumgolo. Mita imodzi ya paipi imeneyi imasunga malita 8 kapena 9, ndiye mamita awiri akufikitsani pafupi ndi muyezo, ndipo ngati khoma ndi lalifupi mapeto ake akhoza kulowa m'chigubu cha malita 20 chomatidwa bwino. Mkati mwa paipi ponyanimo kabotolo kapulasitiki kopanda kanthu kotseka bwino, kokulirapo kuposa khomo la pamwamba: kamayandama, kakafika pamwamba kamatseka, zonyansa osabwereranso. Pachotsekera cha pansi boolani kabowo ndi msomali waung'ono kuti madziwo azidontha okha mpaka kutha. Kabowoka kamatsekeka ndi matope kawirikawiri, ndiye muzitsegula chotsekeracho sabata iliyonse. Paipi imeneyi ikakhala yodzaza kuyambira mvula yapita, zonyansa zonse za lero zipita mumgolo.

Gawo 7: Mabowo atatu

Bowo la mpopi likhale masentimita 10 kuchokera pansi pa mgolo, kuti matope okhazikika asamatuluke ndi madzi. Boolani locheperako pang'ono kuposa mpopi, muike labala mkati ndi kunja (ya chubu cha njinga imakwana), mumange ndi nati ya mkati. Ngati ana a pamalopo ndi ambiri, gulani mpopi wolola loko.

Bowo lolowera madzi likhale pachivindikiro, lokutidwa ndi sefa ya waya wa m'mawindo kapena chidutswa cha neti chopinda kawiri, chomangidwa ndi labala. Neti yonyikidwa m'mankhwala isakhudze madzi. Imeneyo ntchito yake ndi pabedi.

Bowo lachitatu, losefukira, ndi lomwe ambiri amaliiwala. Likhale m'mbali chakumwamba, masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pamlomo, ndipo kukula kwake kufanane ndi paipi yolowetsa madzi. Kapaipi kothirira maluwa sikangatulutse madzi obwera ndi paipi ya mamilimita 75. Mgolo udzasefukira pachivindikiro, madzi n'kukumba pansi pa kansanja ndi pamaziko a nyumba. Nalonso likutidwe ndi sefa.

Mukapeza mgolo wachiwiri, ulumikizeni ku bowo losefukira la woyamba. Ena amalumikiza pansi kuti mpopi ukhale umodzi, koma ine ndimakonda kulumikiza pamwamba: matope amatsalira mu woyamba, wachiwiri umalandira madzi oyera, ndipo umodzi ukadontha winawo sutaya madzi ake.

Gawo 8: Kumene madzi osefukira apite

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa munthu wongosunga madzi ndi munthu woteteza mudzi. Mwaona kale kuti mvula ya mamilimita 20 imaposa migolo iwiri. Otsalawo akaloza kunjira, mwangochedwetsa vuto ndi mphindi zochepa. Cholinga n'chakuti alowe m'nthaka ya pakhomo panu pomwepo.

Yambani ndi kuyesa nthaka. Kumbani kadzenje kakuya masentimita 50 pamene mukuganiza, mudzaze madzi, muwasiye aphwe, mudzazenso kachiwiri. Achiwiriwo akaphwa m'maola ochepa, nthakayo ndi yabwino. Akagona mpaka mawa, ndi dongo kapena madzi a pansi ali pafupi, ndipo dzenje lomwetsa madzi silingagwire ntchito pamenepo.

Pamene nthaka yalola, kumbani dzenje la mita imodzi mulitali, mulifupi ndi kuya. Lidzazeni ndi miyala ikuluikulu kapena zibenthu za njerwa zootcha, pamwamba miyala ya kwale, kenako saka kuti dothi lisagwere m'mipata, n'kukwirira ndi dothi pang'ono kapena kusiya timiyala poyera. Mipata ya pakati pa miyala imatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a dzenjelo, ndiye limalandira malita 300 mpaka 400 nthawi imodzi, n'kumawamwetsa pang'onopang'ono. Paipi yosefukira ifike pakati pa miyalayo. Dzenje lopanda miyala musalisiye; limagumuka, ndipo mwana akhoza kugweramo.

Malo ake asankhidwe mosamala. Litalikire mamita atatu kapena kuposa kuchokera pamaziko a nyumba, yanu ndi ya mnzanu yomwe, ndipo ngati malo alipo mamita asanu ndi abwino koposa. Lisakhale kumtunda kwa chimbudzi kapena pafupi nacho, chifukwa madzi omwera pansi amadzaza dzenje la chimbudzi n'kufewetsa makoma ake. Zimbudzi zambiri zogwa mu Febuluwale zimagwa motero. Pafupi ndi chitsime chomwe anthu amamwa, musalowetsemo china chilichonse kupatula madzi a padenga.

Ndipo pali malo amene simuyenera kumwetsa madzi pansi n'komwe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, nthaka ya m'phiri la Soche inakhuta madzi n'kutsetsereka ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, ndipo mazana ena sanapezeke. Mgolo sukanaletsa zimenezo, ndipo wina asakunamizeni kuti ukanatero. Phunziro la ntchito yathu ino n'lakuti ngati nyumba yanu ili pamalo otsetsereka kwambiri m'mbali mwa Soche, Ndirande kapena phiri lina lililonse, kapena pamalo odulidwa m'phiri pomwe kuseri kwa nyumba kuli chikhoma cha dothi, kuwonjezera madzi m'nthaka n'kuika moyo pachiswe. Kumeneko onjezerani migolo, ndipo osefukira muwatsogolere ndi paipi kapena kangalande kowaka ndi miyala mpaka mu ngalande yaikulu.

Pamene pali dongo koma malo ndi athyathyathya, konzani kadimba kolowa pansi: beseni lotambalala lakuya masentimita 15 mpaka 20, losakaniza dothi ndi manyowa ndi mchenga, lozunguliridwa ndi nthochi, nzimbe kapena koko. Nthochi zimamwa madzi ambiri ndipo zimabweza ndi mkoko. Madzi asakhalitse m'besenimo kupitirira masiku awiri. Kumunsi kwa bwalo, m'malire, dzalani mzere wa vetiva mothithikana mopingasa kutsetsereka. Alimi amaudziwa udzu umenewu pa akalozera a m'munda, ndipo m'tauni umagwira ntchito yomweyo: mizu yake imalowa pansi kwambiri, madzi amafika n'kufooka, dothi n'kutsalira. Mwina n'kovuta kuwauza amayi kuti asiye kusesa bwalo mpaka kuyera mbee, koma kapinga pang'ono kumbali yomwe madzi amadutsa amamwetsa madzi ochuluka kuposa dothi logogomezeka.

Gawo 9: Pungulani mgolo, ndipo samalani pomwa

M'miyezi ya mvula yambiri madzi a mumgolo si osunga. Chapirani, kolopani, sambirani, thirani kuchimbudzi, tsukirani njinga, mipopi ipume. Sopo amachita thovu msanga m'madzi a mvula kuposa a pamjigo. Nthambi yoona zanyengo ikalengeza pawailesi kuti kukubwera mvula yamphamvu, tsegulani mpopi madzulo ake madzi otsala apite kudzenje lija pang'onopang'ono nthaka ikadali ndi ludzu, mgolo ukumane ndi mvulayo uli wopanda kanthu. Zimawawa kutaya madzi oyera, koma mawa udzadzanso. Kusunga kuyambe chakumapeto kwa Malichi mvula ikamatsazika, kapena pamene ng'amba yaonetsa zizindikiro. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimaonjezeramo pang'ono, ngakhale ambiri mwa madzi ake amathera m'paipi ya madzi oyamba.

Madzi a padenga amaoneka oyera, koma kuyera kwa maso si chitetezo. Akumwa, otsukira mano ndi otsukira zipatso zodya zosaphika, atungeni pampopi m'chigubu choyera, muwawiritse mpaka abwate, kapena muthiremo WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, potsata muyezo wolembedwa pabotolo kapena umene iwo akuuzani, n'kudikira mphindi 30. Musaviike kapu kapena ndowa mumgolo. Dzanja limodzi losasamba limaipitsa malita 200.

Gawo 10: Udzudzu, ana ndi kutsuka

Nyengo yotentha dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka pakangotha sabata imodzi kapena masiku khumi. Sabata iliyonse yang'anani sefa zonse ngati zang'ambika, muunike mumgolo ndi tochi. Mukaona timphutsi tikuvinavina, khuthulani madzi onse kudimba, mukweche makoma a mgolo, mupeze pamene udzudzu unalowera. Onaninso pansi pa mpopi. Pakakhala chithaphwi thiranipo timiyala.

Chivindikiro chikhale chomangidwa ndi waya kapena chokhoma, choti mwana sangachitsegule. Mwana wosuzumira mumgolo amagwa chamutu ndipo sangathe kudzitembenuza.

Gatala muzichotsamo masamba kamodzi pamwezi. Mgolo wonse utsukidwe kawiri pachaka, mu Okutobala mvula isanayambe ndi pamene madzi omaliza atha.

Gawo 11: Kokani anzanu a mzere wanu

Tibwerere ku samu. Nyumba 40 zofanana ndi yathu ija, mvula ya mamilimita 20 ikagwa, zimatsanulira m'kanjira kamodzi malita oposa 30,000. Nyumba imodzi yokha ikaika migolo iwiri, kanjirako sikadziwa n'komwe. Zonse 40 zikaika migolo iwiriiwiri yopungulidwa, malita 16,000 agwidwa. Iliyonse ikakhalanso ndi dzenje la malita 350, ena 14,000 alowa pansi. Pafupifupi madzi onse a padenga a mvula imeneyo sakufikanso kunjira. Mvula ya mamilimita 60 idzasefukirabe, koma idzafika mochedwa ndi mochepa, ndipo ngalande ikhoza kuilandira.

Yambirani kumtunda. Madzi ogwidwa panyumba ya pamwamba amapulumutsa mabwalo onse a kumunsi, pamene mgolo wa nyumba yomalizira umathandiza mwini wake yekha. Apa pali kovuta: a kumtunda savutika ndi madzi, ndiye saona chifukwa. Kwa iwo musayambe ndi nkhani ya zigwembe. Yambani ndi ya ndalama za pakiyosiki ndi mtunda wokwera ndi ndowa pamutu, popeza kumtunda n'komwenso mipopi imayamba kuuma.

Pitani kwa amfumu kapena kwa atsogoleri a dera muwapemphe aitanitse anthu, ndipo alangizi a zaumoyo akhalepo kuti nkhani ya klorini ndi udzudzu ayifotokoze iwo. Msonkhano uchitikire pakhomo pamene mgolo waikidwa kale, anthu atsegule mpopi okha, aone dzenje ndi maso. Za ndalama, chipereganyu chimagwira bwino: mabanja khumi asonkha mwezi uliwonse, nyumba imodzi kapena ziwiri n'kulandira mgolo ndi gatala, ndipo onse amabwera kudzathandiza kukumba. Magulu a banki m'khonde akhoza kubwereketsa pa ntchito yomweyi. Mukagula migolo yambiri pamodzi mumanenerera mtengo, ndipo mmisiri mmodzi wopinda magatala a mzere wonse amatsitsako.

Nyumba zambiri m'madera amenewa ndi za lendi, ndipo wochita lendi sangakhome gatala popanda chilolezo. Polankhula ndi eni nyumba, aonetseni pamene madzi akudya maziko: "Bambo, taonani khomali mmene lanyowera. Inu mukaika gatala, mgolo tigula tokha." Gatala imatsala panyumba, mgolo mwini wake amasamuka nawo. Pamalo a nyumba zambiri mogwirizana pamodzi, gwirizanani poyambirira amene asunge kiyi wa mpopi, ndowa zingati pa banja, ndi amene atsegule paipi ya madzi oyamba sabata imeneyo, mulembe papepala. Mikangano ya pampopi imagwetsa ntchito msanga kuposa dzimbiri.

Sukulu, tchalitchi, mzikiti ndi mashedi a pamsika ali ndi madenga oposa nyumba khumi pamodzi. Pamenepo mgolo wa malita 200 ndi masewera. Pamafunika thanki ya malita 5,000 kapena kuposa, pamaziko a konkire owakidwa ndi mmisiri, popeza thanki yotere ikadzaza imalemera matani asanu. Komiti ya sukulu kapena ya mpingo ikhale ndi munthu wodziwika ndi dzina woyang'anira mpopi ndi magatala, chifukwa matanki ambiri a pasukulu amafa ndi mpopi wothyoka umene palibe anaukonza.

Ngalande za m'njira nazo zisaiwalike. Gwirizanani tsiku lozichotsa zinyalala mu Okutobala, ndipo zotuluka m'menemo zisaunjikidwe m'mphepete momwemo, pomwe mvula yoyamba idzazibwezeramo. Ngalande yaikulu ya mumsewu ikagumuka kapena kutsekeka kopitirira mphamvu zanu, nkhaniyo ipite kwa khansala wa dera lanu kuti akaitule kukhonsolo.

Kuti mudziwe ngati ntchito ikuphula kanthu, khomani chikhomo m'mbali mwa kanjira kumunsi kwa mzere wanu, mulembepo pamene madzi afika mvula iliyonse yaikulu, pambali pa mamilimita a m'chitini chija. Jambulani chigwembe ndi foni mu Novembala, mudzajambulenso muli pamalo omwewo mu Epulo. Kukumba maenje, kuwaka nsanja ndi kukhoma magatala kuchitike mu Seputembala ndi Okutobala, nthaka ili youma ndipo simenti ikhoza kulimba bwino. Vetiva ndi nthochi zidikire mvula yodzalira.